Ndale ya kaputeni Evans: kutaya piyawu, kugula pakati pa bolodi

Pa khonde la golosale ina kuno ku Ulongwe pali bolodi la xadrez, masewera aja Angerezi amati chess, lomwe kavalo wake mmodzi wakuda anasowa kalekale, moti m'malo mwake timaikapo chitsekerero cha botolo. Madala ena amene amakhala pamenepo madzulo, atadzikuta m'jekete chifukwa cha chisanu cha ku Angónia kuno, akagwira zoyera amayamba mofanana tsiku ndi tsiku. Akafika pa kusuntha kwachinayi amakankha piyawu wa pa b mpaka pakamwa penipeni pa bishopu wako, kenako amatsamira khoma n'kunena kuti, "Idya mwanawe, ndakupatsa." Ambirife timadya. Sipatenga nthawi, mfumu yathu imapezeka ili kakasi pa nyumba yomwe inabadwira, yopanda kolowera.

Kayambidwe kameneka dzina lake ndi Gambito Evans. Mawu akuti gambito anachokera ku Chitaliyana, ndipo kumeneko ankanena za kukola mnzako mwendo pogwetsana. Ife tili nalo kale liwu la zimenezo, ndale, lomwe lisanapite kwa anthu a zipani linali la anyamata ogwetsana pabwalo. Choncho ndiitcha ndale ya Evans. Mwini wake, William Davies Evans, anali wa ku Wales, wobadwa mu 1790, kaputeni wa sitima yonyamula makalata pakati pa Milford Haven ndi Waterford. Njirayi anaitulukira m'zaka za m'ma 1820, ndipo anagonjetsa nayo Alexander McDonnell, mmodzi mwa akatswiri a ku London nthawi imeneyo. Pamene McDonnell yemweyo anakumana ndi La Bourdonnais wa ku France pa mipikisano yawo ya mu 1834, ndaleyi inaseweredwa kangapo, dziko lonse la xadrez n'kuidziwa.

Tisanapite patali tigwirizane kalembedwe, chifukwa kuno kumalire nkhani imeneyi imayambanitsa anthu. Ine ndilemba monga timalembera ku Mozambique: R ndi mfumu, D ndi dama, T ndi tore ija ena amati nsanja, B ndi bishopu, C ndi kavalo, ndipo piyawu alibe chilembo. Anzathu a tsidya la Dedza amene anaphunzira m'mabuku a Chingerezi akaona R amagwira nsanja, ife tikugwira mfumu. Nyumba iliyonse ya pabolodi imatchulidwa ndi chilembo, a mpaka h, ndi nambala, 1 mpaka 8. Chizindikiro cha x ndi kudya, + ndi sheke, ndiko kuopseza mfumu, 0-0 ndi roke ya mbali ya mfumu, kusuntha kuja mfumu imakabisala pambali, nsanja n'kuidumpha. Muike bolodi patsogolo panu, chifukwa zimenezi sizimveka ndi maso okha.

Chiyambi chake ndi ichi: 1.e4 e5 2.Cf3 Cc6 3.Bc4 Bc5 4.b4.

Kuti mumvetse kusuntha kwachinayiko, yambani mwafunsa chimene anthu awiriwa akulimbirana. Bolodi lili ndi nyumba 64, koma zinayi za pakati, d4, e4, d5 ndi e5, zimaposa zonse. Kavalo akaima pakati amaloza nyumba 8, akakhala m'mphepete zimatsika kufika 4 kapena 3, pangodya amangoloza 2. Bishopu pakati amaona nyumba 13, pangodya 7. Komatu si kuwerenga kokha. Aliyense amene anakwerapo chapa kupita ku Tete amadziwa kuti magalimoto ochokera ku Zóbuè, ku Calómuè ndi ku Cassacatiza onse amakathera pa milatho iwiri ya pa Zambezi, wa Samora Machel ndi wa Kassuende. Wogwira mlatho ndiye amanena amene awoloke ndi amene adikire. Pakati pa bolodi ndi pamlatho. Ukaimika mapiyawu awiri moyandikana pa d4 ndi e4, amatseka nyumba zinayi zotsatana, c5, d5, e5 ndi f5, ndipo zida za mnzako zimasowa poponda. Kuwonjezera apo mapiyawuwo amayenda. Wina akafika pa e5 amathamangitsa kavalo wa pa f6, yemwe ndi mlonda wamkulu wa mfumu yakuda.

Ndiye wazoyera amafuna d4. Akangoponya d4 popanda womuchirikiza, piyawuyo amadyedwa n'kutha. Nchifukwa chake akale a ku Italy ankayamba aika c3, kuti d4 akadyedwa, wa pa c alowe m'malo mwake. Vuto ndi lakuti c3 saopseza aliyense. Wazakuda amapeza mpata waulere, amatulutsa kavalo wake, ndipo zimayenda motere: 4.c3 Cf6 5.d4 exd4 6.cxd4 Bb4+ 7.Bd2 Bxd2+ 8.Cbxd2 d5 9.exd5 Cxd5. Taonani pabolodi. Mapiyawu awiri onyaditsa aja atsala mmodzi, wa pa d4, wopanda m'bale kumanja kapena kumanzere. Mlatho wagumuka usanawolotse munthu.

Evans anaona kuti chomwe chikusowa ndi mpata umodzi wokha, ndipo anapeza kougula. Bishopu akadya pa b4, wazoyera amasewera 5.c3, kusuntha komwe kuja, koma tsopano kukumenya bishopu. Wazakuda sangatulutse kavalo, ayenera kuthawitsa bishopu kaye. Akatero, 6.d4 yafika kale. Piyawu wapita, inde, koma zomwe zabwera pa mtengo wakewo ndi zambiri kuposa momwe zimaonekera poyamba. Kuchoka kwa piyawu wa pa b2 kwatsegulira bishopu wa pa c1 khomo lachiwiri, lopita pa b2 kapena pa a3. Kusuntha kwa piyawu wa pa c kwatsegulira dama njira ya pa b3, pomwe imakaima kumbuyo kwa bishopu wa pa c4, onse awiri ataloza f7. Nyumba ya f7 ndi chilonda cha wazakuda chobadwa nacho, popeza poyamba palibe chida choiteteza kupatula mfumu yokha. Awiri akaukira, mmodzi akuteteza, masamu ake savuta.

Za bishopu wa pa a3 zimafuna kudekha nazo, chifukwa ndi pomwe pagona mtima wa ndaleyi. Lamulo limati mfumu singachite roke podutsa nyumba yomwe mdani waloza. Mfumu yakuda pochoka pa e8 kupita pa g8 imadutsa pa f8. Bishopu woyera akakhala pa a3, nyumba za b4, c5, d6 ndi e7 zili zopanda kanthu, amaona mpaka pa f8, ndipo mfumuyo yamangidwa. Ikatsala pa e8, mzere wa e ukatseguka, nsanja yoyera imabwera pa e1 n'kuyang'anizana nayo maso ndi maso. Nachi chitsanzo chomwe madala a pa khonde aja amatichita nacho kawirikawiri: 5...Bc5 6.d4 exd4 7.0-0 d6 8.cxd4 Bb6. Tawerengani maulendo a bishopu wakuda: c5, b4, c5, b6. Wayenda kanayi kuti akathere nyumba yoyandikana ndi c5 pomwe anafikira poyamba, pamene wazoyera wamanga d4 ndi e4 n'kubisa mfumu yake. Tsopano 9.Cc3, ndipo wazakuda akachita chomwe dzanja limafuna lokha, 9...Cf6, amalandira 10.e5 dxe5 11.Ba3. Piyawu wachiwiri waperekedwa dala, cholinga chake n'chakuti wa pa d6 achoke panjira. Roke yafa. Kasewerede kotere n'komwe kanatchukitsa Paul Morphy wa ku New Orleans m'zaka za m'ma 1850.

Wazakuda wochenjera sabwerera pa c5, amapita 5...Ba5. Kumeneko bishopu amagwira ntchito yobisika. Pambuyo pa 6.d4 exd4, wazoyera sangadye ndi piyawu wa pa c3, popeza akangochoka, bishopu wa pa a5 amaona mfumu pa e1. Piyawuyo wakhomeredwa. Ndi chifukwa chake kusuntha kwachisanu ndi chiwiri kumakhala 7.0-0, kuchotsa mfumu pamzerepo. Apa ndipo wazakuda amayesedwa mtima, chifukwa patsogolo pake pali piyawu wachitatu wongodya, 7...dxc3.

Zomwe zimatsatira kususukako zinaoneka bwino ku New York mu 1963, pamasewera a macheza pakati pa Bobby Fischer ndi Reuben Fine, yemwe pa nthawi yake anali m'gulu la osewera amphamvu kwambiri padziko. Fine anadya wachitatuyo. Fischer anati 8.Db3, kuloza f7, Fine n'kuteteza ndi 8...De7, kenako 9.Cxc3. Imani pamenepa muwerenge. Wazakuda ali ndi mapiyawu awiri oposa, koma kavalo wa pa g8, bishopu wa pa c8 ndi nsanja zonse ziwiri zili mtulo. Wazoyera watulutsa dama, bishopu, akavalo awiri, ndipo roke wachita. Panatsatira 9...Cf6 10.Cd5 Cxd5 11.exd5 Ce5 12.Cxe5 Dxe5. Akavalo onse atha, ndipo wina angaganize kuti moto wazilala, komatu mzere wa e tsopano uli mbee, ndipo dama yakuda yaima poyera. 13.Bb2 ikuimenya, iyo n'kuthawira 13...Dg5 kuti isunge g7. Fischer anaponya piyawu winanso, 14.h4, ndipo dama itadya, 14...Dxh4, g7 inatsala yokha: 15.Bxg7 Tg8 16.Tfe1+ Rd8. Tsopano chomwe chatsala ndi chimodzi. Bishopu akafika pa f6 ndi mate, ndiko kuti mfumu yagwidwa yopanda kothawira, ndipo choletsa ndi dama ya pa h4 yokha, yomwe ikuona f6. Fischer anasewera 17.Dg3, kupereka dama yake. Ikadyedwa, Bf6 yatha nkhani. Ikapanda kudyedwa, dama yakuda ilibe nyumba yabwino yothawirako uku ikulondabe f6. Fine anagonja pomwepo. Masewera onse anatha pa kusuntha kwa 17, bishopu wa pa c8 ndi nsanja ya pa a8 zisanasunthepo n'kamodzi komwe.

Chimene ndimafuna kuti achinyamata athu agwire pamasewera amenewa si dama yoperekedwayo ayi, imeneyo imangokometsa. Agwire kuti kuyambira kusuntha kwa 8, pafupifupi chilichonse chomwe Fischer anachita chinali ndi chiopsezo, ndipo Fine ankangoyankha. Chomwe umagula ndi piyawu wa pa b ndi mipata, ndipo mipata ili ngati matimati a pamsika: ukapikula m'mawa ugulitse tsiku lomwelo, mawa ukapeza madzi okhaokha m'dengu. Piyawu wa mnzako saola. Amakhala pomwepo mpaka kumapeto, kudikira kuti akasanduke dama. Choncho wosewera Evans akangoyamba kusuntha kwa ulesi, monga h3 woopa mthunzi, kapena kubweza chida kuti ateteze kapiyawu ka pa a2, ndiye kuti walipira katundu n'kumusiya m'sitolo.

Ine zinandionekera mwa mtundu wina. Tsiku loyamba kuyesa ndaleyi ndinakumana ndi mnyamata wina wa ku Tsangano wobwera kudzagulitsa mbatata, ndipo iye anadya pa b4 ndi kavalo, 4...Cxb4. Ndinaona kuti e5 yatsala yopanda mlonda, mtima unati bweza chako, ndinadya 5.Cxe5. Iye osalankhula anaika 5...Df6, dama ikuloza kavalo wanga ndi mate pa f2 nthawi imodzi. Ndinayesa kutseka zonse ndi 6.d4, iye 6...Bxd4, ine 7.Dxd4, kenako 7...Cxc2+, kavalo mmodzi wagwira mfumu, dama ndi nsanja. Madala aja anaseka mpaka kutsokomola. "Mwanawe, wapereka ndi dzanja lamanja, lamanzere likulanda. Ukadangoti c3." Ndipo n'zoona: 5.c3 Cc6 6.d4 imakubwezera pa njira ija ya bishopu wa pa c5, mpata wako uli m'manja.

Tsono ngati ndale yake ndi yokoma chonchi, bwanji akatswiri a masiku ano saisewera tsiku lililonse? Kwa zaka pafupifupi 70 inalamulira ndithu. Adolf Anderssen anagonjetsa nayo Jean Dufresne ku Berlin mu 1852 pamasewera omwe mpaka lero amaphunzitsidwa. Mikhail Chigorin wa ku Russia anaiponyera Wilhelm Steinitz mobwerezabwereza pa mipikisano yawo yolimbirana ukatswiri wa dziko lonse ku Havana, mu 1889 ndi mu 1892, ndipo Steinitz ankaumirira piyawu wakeyo, n'kumadzipinda m'makona movutika. Mankhwala anabwera ndi Emanuel Lasker, amene anatenga ukatswiri kwa Steinitz mu 1894 n'kuusunga mpaka 1921. Nzeru yake inali yosavuta mochititsa manyazi: bweza piyawuyo, koma ubweze pa nthawi yako. Zimayenda motere: 5...Ba5 6.0-0 d6 7.d4 Bb6. Wazakuda sakudya pa d4, sakutsegula mzere uliwonse. Wazoyera akafuna chake, 8.dxe5 dxe5 9.Dxd8+ Cxd8 10.Cxe5, amachipeza, mapiyawu n'kufanana 6 kwa 6. Koma madama achoka pabolodi, ndipo popanda dama palibe woopseza mfumu. Chotsala ndi zipsera: piyawu wa pa a2 ali yekha, wa pa c3 ali yekha, ndiponso watsekera kavalo wake nyumba yabwino. Wazakuda mapiyawu ake ali atatu uku, atatu uku, ogwirana manja. Amene anabwera ndi nkhondo amapezeka akuteteza munda wogumuka mizere.

Yankho la wazoyera lili pa dongosolo la kasunthidwe, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri ophunzira pongoonera amaphonya. Usayambe ndi roke pa kusuntha kwa 6. Yamba ndi 6.d4. Wazakuda akati 6...d6 pofuna njira ya Lasker, iwe 7.Db3 nthawi yomweyo. Dama yachoka pa mzere wa d, kotero kusinthana kuja kulibenso, ndipo f7 ikuyaka. Wazakuda amakakamizika kuteteza ndi dama, kawirikawiri 7...Dd7, yomwe imatsekera bishopu wake wa pa c8. Nkhondo ikupitirira.

Njira ina yomwe osewera amphamvu amadalira lero ndi kudya kawiri kokha n'kuleka: 6.d4 exd4 7.0-0 Cge7. Kavalo wapita pa e7 osati pa f6, kuti e5 isamupeze. Pambuyo pa 8.cxd4 amamenya pakati ndi 8...d5, ndipo 9.exd5 Cxd5 imaphwanya mapiyawu awiri aja monga zinachitikira mu njira ya ku Italy. Kusiyana kwake n'kwakuti pano wazoyera ali ndi 10.Ba3, ndipo mfumu yakuda ikadali pa e8. Wazakuda ali ndi piyawu woposa, wazoyera ali ndi mizere. Makompyuta amaonetsa kuti wazakuda akasewera molondola sagwa. Ine ndimati mawu akuti "molondola" ndi otsika mtengo kwa kompyuta, koma kwa munthu amene wakhala pa benchi, dzuwa likulowa, anthu asanu akumuuzira zosiyana kumbuyo, ndi okwera mtengo kwambiri. Wazoyera akalakwitsa pang'ono amataya mwayi. Wazakuda akalakwitsa pang'ono amataya mfumu.

Wina akhoza kukana nyamboyo, 4...Bb6. Palibe choipa, koma wazoyera wapeza malo ku mbali ya dama kwaulere, ndipo 5.a4 ili ndi mano: a5 ikabwera, bishopu amathawira pa d4, c3 n'kumutsekera pomwepo. Wazakuda ayenera kumutsegulira khomo ndi a6 kapena kutseka ndi a5.

Pa zaka zambiri za m'ma 1900 ndale ya Evans inkaonedwa ngati khasu la agogo, lopachikidwa kudenga. Amene analitsitsa ndi Garry Kasparov, ku Riga mu 1995, pa mpikisano wokumbukira Mikhail Tal, katswiri wakale wa dziko lonse, ndipo amene anakumana nalo ndi Viswanathan Anand wa ku India, yemwe chaka chomwecho anadzalimbana naye ukatswiri wa dziko lonse ku New York. Anand anasankha kubweza bishopu kunyumba, 5...Be7, njira yomwe cholinga chake ndi kutseka mzere wa a3 uja usanatseguke, kenako 6.d4 Ca5 kuthamangitsa bishopu woopsa wa pa c4. Kasparov anabwerera 7.Be2, ndipo pa 7...exd4 sanadye ndi piyawu monga aliyense akanayembekezera. Anadya ndi dama, 8.Dxd4, kuloza g7. Apa pali phunziro lomwe linanditengera nthawi: kugwira pakati sikutanthauza mapiyawu awiri nthawi zonse. Nthawi zina ndi piyawu mmodzi wothamangitsa akavalo, ndi dama yodutsa pakati kupita komwe ikufuna. Taonani: 8...Cf6 9.e5 Cc6 10.Dh4 Cd5 11.Dg3 g6. Piyawu wa pa g wakakamizidwa kusuntha, nyumba za g7 ndi h6 zatsala zibowo. Pambuyo pa 12.0-0 Cb6 13.c4 d6 14.Td1 Cd7, kavalo mmodzi wa Anand anali atayenda kanayi, f6, d5, b6, d7, ndipo Kasparov anaika 15.Bh6. Ndi bishopu yemwe uja wa pa c1, ndipo akuloza nyumba yomwe ija ya f8, kungoti walowera khomo la kuseri. Anand anadyanso piyawu wachiwiri pa e5, mfumu yake sinachite roke mpaka mapeto, ndipo anagonja pa kusuntha kwa 25.

Kwa mwana amene wangodziwa kayendedwe ka zida, ine ndimamuyambitsa ndi Evans ndisanamuonetse njira zotsekeka zomwe zafala pa mafoni masiku ano, zija umaika zida pa nyumba zomwezomwezo kaya mnzako akuchita chiyani. Zimenezo zimapambanitsa msanga koma sizikuphunzitsa kuwerenga mipata. Evans amakukakamiza kufunsa pa kusuntha kulikonse kuti, ichi chikuopseza chiyani, ndipo ndani akuyankha mnzake. Uluza masewera ambiri, makamaka ukakumana ndi wodziwa kubweza piyawu. Walira mvula walira matope. Ndipo ndimamuuza kuti azisewera mbali zonse ziwiri, tsiku lina zoyera, tsiku lina zakuda, chifukwa sungamve kulemera kwa bishopu wa pa a3 usanakhalepo pa e8.

Sabata yatha ndinagwira zakuda pa khonde paja. Madala anakankha b4, "Idya mwanawe," ndinadya. Pa 5.c3 ndinapita a5, iwo mwachizolowezi anachita roke, ine d6, iwo d4, ine n'kubweza bishopu pa b6 mwakachetechete. Anayang'ana bolodi nthawi yaitali, chala chili pa chitsekerero cha botolo chija ngati akufuna kutsimikiza kuti ndi kavalo ndithu.

"Wakuonetsa ndani zimenezi?"

"Lasker, madala."

"Wa kuti ameneyo, wa ku Dómuè?"

Masewerawo tinalepherana mdima utagwa. Dzulo ndawapeza akuonetsa mnyamata wina 6.d4, roke ataisunga m'thumba.